Mafuta a mnzako si ako: werengani kuseri kwa botolo

Pitani pamsika wa Limbe Loweruka m'mawa, kaya wa Tsoka ku Lilongwe, kaya wa Mataifa ku Mzuzu, mukaime pa benchi ya zodzoladzola kwa mphindi khumi zokha. Mabotolo ali mbwee, timachubu tili ndandanda, pa katoni iliyonse pali nkhope ya mkazi yosalala ngati dzira. Afika mayi, aloza patsaya pamene pada, wogulitsa asanayang'ane n'komwe watola kale kachubu. Afika mtsikana wa ziphuphu, kachubu komweko. Afika bambo wa zikanga m'khosi, komwekonso. Mavuto atatu, mankhwala amodzi.

Sitikunyoza wogulitsayo ayi. Naye akusaka ya ndiwo, ndipo nthawi zambiri zimene akugulitsazo ndi zomwenso akudzola iye mwini. Nkhani ndi yoti tonsefe, ogula ndi ogulitsa, tinazolowera kusankha mafuta poona kutsogolo kwa botolo kumene kuli chithunzi ndi malonjezo. Komatu choona chili kuseri, pa timalemba ting'onoting'ono tija timene ambiri sitiwerenga. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuseriko pamakhala mawu akuti Ingredients, ndiye kuti zimene asakaniza popanga mafutawo. Mndandandawo suikidwa mwachisawawa. Chimene chachuluka ndicho chimayamba, chochepa chimakhala kumapeto. Mukaona Aqua poyambirira, musadabwe, amenewo ndi madzi basi. Parfum kapena Fragrance ndi fungo. Tsono botolo likalemba Aloe Vera ndi zilembo zazikulu kutsogolo, koma kuseri dzinalo n'kupezeka kumchira kwenikweni, dziwani kuti mwagula madzi onunkhira okhala ndi kadontho ka aloe. Katundu wambiri wochokera ku Congo ndi ku Côte d'Ivoire amalembedwa Chifalansa, koma maina a mankhwala sasiyana kwenikweni, mukhoza kuwazindikira ndithu.

Nanga aja osakaniza kale, a m'timabotolo topanda dzina, amene amangoti ndi "mikisi" ya mayi wina waluso? Amenewo asiyeni pomwepo. Chinthu chimene mwini wake sakufuna kunena zimene waikamo si choika pankhope.

Yambani mwadziwa khungu lanu

Izi sizilira dokotala. Sambani kumaso ndi sopo wosaluma, pukutani, mukhale ola limodzi osadzola kanthu. Khungu likamakoka ndi kutuwa, ndi louma. Likayamba kunyezimira lokha, ndi la mafuta. Ambiri amapeza kuti pamphumi ndi pamphuno pakunyezimira koma m'masaya mwauma. Palinso ena amene khungu lawo silichedwa kuyabwa kapena kuwotcha akangodzola chachilendo. Amenewa mdani wawo woyamba ndi fungo lija, choncho azisaka mafuta opanda Parfum.

Ndipo chilichonse chatsopano, chiyeseni kaye pamkono, m'kati mwa chigongono, kwa masiku angapo. Kuli bwino pamkono patupe kusiyana ndi kukakhala pa benchi ndi nkhope yotupa makasitomala akukufunsani ngati abambo akumenyani.

Ntchito yanunso imalamula. Mayi wa nsomba amene manja ake amakhala m'madzi tsiku lonse sangafanane ndi mnyamata wa chiwaya amene nkhope yake imasamba utsi wa mafuta, kapena wa kaunjika amene dzuwa limamuthera pamutu.

Otuwa ndi a mang'a

Khungu louma ndilo losavuta, ndiponso mankhwala ake ndi otchipa kuposa onse. Pa botolo sakani maina atatu: glycerin, petrolatum ndi urea. Glycerin amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Petrolatum, amene ndi Vaseline yemweyu timamudziwa tonse, sabweretsa madzi koma amatsekera amene alipo kuti asauluke. N'chifukwa chake kudzola Vaseline pathupi louma gwa kumangokunyezimiritsani, kutuwa kuli pansi. Dzolani mutangotuluka m'bafa thupi lisanaumiretu, muona kusiyana, makamaka mu June ndi July chiperoni chikagwa.

Urea ndiye wa mang'a. Wa 10% amakwana pa miyendo ndi manja okhakhala, koma zidendene zong'ambika zimafuna wa 25%. Dzolani usiku, valani sokosi. Amayi a nsomba, a tomato ndi a m'malesitilanti amene mumatsuka mbale kuyambira m'mawa, pakani Vaseline m'manja musanayambe ntchito ndiponso pogona. Sopo wochapira zovala ndi wa zovala. Amachotsa litsiro, inde, koma amakokololanso mafuta achilengedwe a khungu.

Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi osadziwa liwu limodzi la Chingerezi, ndipo ntchito yake inali yomweyi, kutsekera madzi. Pa miyendo mpaka lero palibe cholakwika.

Ziphuphu zimene a ACB sangazithe

Ziphuphu za kumaso zimayamba timabowo ta pakhungu tikatsekeka ndi mafuta ndi khungu lakufa, kenaka tizilombo n'kuswana m'menemo. Si litsiro, ndipo kukhula nkhope ndi mwala kumangowonjezera moto.

Maina awiri oyenera kusunga pamtima ndi benzoyl peroxide ndi salicylic acid. Benzoyl peroxide amapha tizilombo tija, ndiye woyenera ziphuphu zotupa ndi za mafinya. Yambani ndi wa 2.5% kapena 5%, pang'ono chabe, usiku, mukudumphitsa tsiku mpaka khungu lizolowere, chifukwa amaumitsa. Chenjerani, amasukulutsa nsalu ngati jiki, musagonere chitenje cha ku ukwati. Salicylic acid wa 2% amatsegula timabowo totsekeka, ndi wabwino pa timitu takuda tija ta pamphuno.

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi: mankhwala amenewa amatenga milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu kuti muone kusintha. Chimene chikuchotsa ziphuphu m'masiku atatu chili ndi mlandu, tifika pamenepo.

Wa nkhope ya mafuta asamapake mafuta olemera kumaso. Ndipo atsikana, onani pamene ziphuphu zanu zaunjikana. Ngati ndi pamphumi pokha, m'mphepete mwa tsitsi, wolakwa ndi mafuta a m'mutu amene amatsetsereka ndi thukuta. Mankhwala otsukira mano, mandimu ndi soda zimawotcha khungu, ndipo pakhungu lakuda pamene papsa pamasiya banga. Kufinya n'chimodzimodzi. Chiphuphu chimatha sabata imodzi, banga lake limakhala miyezi.

Abambo, tiziphuphu ta m'ndevu ndi nkhani ina. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye likametedwa mpala ndi lezala limapindika n'kulowanso m'khungu. Kuthira sipiriti sikuthandiza. Metani ndi makina osiya kachiputu, motsata kumene tsitsi lagonera.

Mabanga akuda ndi dzuwa la pamsika

Amayi ambiri amada m'masaya, pamphumi ndi pamwamba pa mlomo akakhala oyembekezera kapena akamamwa mapilitsi olera. Madokotala amati melasma. Chimene chimadyetsa mabanga amenewa, ngakhalenso aja osiyidwa ndi ziphuphu, ndi dzuwa. Mungadzole chodula chotani, ngati mukhala padzuwa kuyambira 7 koloko mpaka madzulo nkhope ili pamtetete, mukutunga madzi ndi dengu.

Choyamba tsono ndi mthunzi: ambulera pa benchi, chipewa cha khonde pamutu. Chachiwiri ndi mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, ndipo amafuna kubwereza pakapita maola awiri kapena mukatuluka thukuta kwambiri. Ndi odula, sitikana. Koma werengerani ndalama zimene mumataya pa timachubu mwezi ndi mwezi. Okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide sakonda kuyabwa, kungoti ena amasiya kutuwa pakhungu lakuda.

Pochepetsa mabanga enieniwo, maina odalirika ndi niacinamide ndi azelaic acid. Amagwira ntchito mwakachetechete, miyezi iwiri kapena itatu, ndipo sayeretsa munthu, amangobweza khungu pa mtundu wake. Azelaic acid amathandizanso ziphuphu. Koma mayi woyembekezera, kapena amene akufuna mimba, apewe chilichonse cholembedwa retinol, tretinoin kapena adapalene, ndipo afunse kusikelo asanadzole mankhwala alionse.

Kwa abale athu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo oposa 134,000 m'Malawi muno, mafuta a dzuwa si zodzikongoletsera ayi. Ndi chitetezo ku khansa ya pakhungu. Iwo amafunika SPF 50, chipewa ndi malaya a manja aatali tsiku lililonse. Ngati pamzere panu pali mnzanu wotere, malo a pamthunzi akhale ake.

Atatu oopsa

Tsopano tibwerere ku kachubu kaja kochiza zonse. Kawirikawiri m'kati mwake mumakhala steroid. Pa chubu pamalembedwa clobetasol, betamethasone kapena fluocinonide. Amenewa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, ndipo clobetasol ali m'gulu la amphamvu kwambiri. Dokotala amawapereka pa matenda ena a khungu, pamalo pamene pakudwala pokha, kwa milungu yowerengeka. Sanapangidwe kuti azisakanizidwa ndi loshoni n'kumadzola thupi lonse chaka ndi chaka.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti poyamba zimaoneka ngati zatheka. Kuyabwa kumaleka, ziphuphu zimaphwa, nkhope imawala, anzanu pamsika n'kuyamba kufunsa kuti mukudzola chiyani masiku ano. Pakapita miyezi khungu limayamba kupyapyala mpaka mitsempha kuonekera. M'khwapa, m'mikono ndi m'ntchafu mumatuluka mizere ikuluikulu yonga ya pamimba pa mayi wobereka, ndipo imeneyi sichokanso. Ziphuphu zimabwerera zochuluka kuposa kale, tsitsi limamera m'masaya, kabala kakang'ono kamatenga nthawi kupola. Mankhwalawo akamadzoledwa thupi lonse amalowa m'magazi, ndipo akhoza kukweza BP, kuyambitsa shuga ndi kutupitsa nkhope.

Msampha wake uli apa: mukasiya, nkhope imawotcha, imayabwa, imada. Munthu amathamangiranso ku benchi kukagula kena. Amaganiza kuti mafutawo ndiwo akumuchiza, pomwe ndiwo akumudwalitsa. Ngati mwakhala mukudzola kwa miyezi yambiri thupi lonse, musasiye lero ndi lero panokha, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga mankhwala ake achilengedwe a mtundu womwewo. Tengani chubucho, pitani nacho kuchipatala, mukanene zoona kuti mwadzola nthawi yaitali bwanji. Akakuuzani kasiyidwe kake pang'onopang'ono. Manyazi a tsiku limodzi sapha.

Wachiwiri ndi hydroquinone. Ameneyu amaletsa khungu kupanga melanin, utoto umene umatipatsa mtundu wathu ndi kutiteteza ku dzuwa. Madokotala amamugwiritsa ntchito pa mabanga, kwa miyezi yochepa, akuyang'anira. Koma akadzoledwa zaka, munthu ali padzuwa, zimatembenuka. M'masaya mumada bii, kuda kopita ku buluu, ndi timatuza tokhakhala. Matenda amenewa, ochronosis, madokotala a ku South Africa anawafotokoza kale mu 1975 ataona amayi ambiri oonongeka nkhope, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo ku Rwanda boma linayamba kulanda katunduyu m'masitolo ndi m'misika kumapeto kwa 2018. Kuda kwa ochronosis n'kovuta zedi kuchotsa, ngakhale kwa a ndalama zawo.

Ndipo tisanamizane, woyeretsa khungu sabisika. Mfundo za zala, zigongono ndi mawondo zimakana. Nthabwala ija ya nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola sinachokere kumwamba.

Wachitatu ndiye woipitsitsa chifukwa amabisala: mercury. Akalembedwa amatchedwa mercury, calomel, mercurous chloride kapena mercuric iodide, koma opanga ambiri samulemba dala. Amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, munthu n'kuyamba kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusowa tulo. Mu 1972 madokotala ku Nairobi anapeza kuti amayi ambiri amene ankabwera ndi matenda ena a impso anali odzola mafuta oyeretsa okhala ndi mercury. Choopsa china n'chakuti sakhala pa wodzola yekha. Amafika kwa mwana ali m'mimba, amapita mu mkaka wa m'mawere, amatsalira pa thaulo ndi zofunda za banja lonse. Mayiko anagwirizana pangano la Minamata mu 2013 lochepetsa mercury, ndipo mu 2023 anamanga mfundo yoti chikatha chaka cha 2025 pasapezekenso zodzola zoikidwa mercury, ngakhale pang'ono. Koma pangano silisecha zikwama pa boda. Sopo kapena mafuta olonjeza kuyera m'sabata imodzi, opanda dzina ndi keyala ya wopanga, aopeni.

Zina si za pa benchi

Pali mavuto a khungu amene mafuta odzola sangathe, ndipo steroid amawabisa kwinaku akukula.

Chipere ndi fangasi. Pathupi chimamva clotrimazole, miconazole kapena mafuta a Whitfield, kwa milungu iwiri mpaka inayi, osasiyira panjira. Koma chikakhala m'mutu mwa mwana, zopaka sizifika ku mizu ya tsitsi, pamafunika mapilitsi a kuchipatala. Machubu ena amasakaniza clotrimazole ndi betamethasone. Mukapaka pa chipere kuyabwa kumaleka msanga, koma chikhoza kufalikira mwakachetechete. Zikanga, timawanga totuwa ta pachifuwa, m'khosi ndi kumsana, nazonso ndi fangasi wokonda thukuta, ndipo zimamva ketoconazole. Dziwani kuti mtundu wa khungu umachedwa kubwerera ngakhale fangasi atafa, musafulumire kunena kuti mankhwala akanika.

Kuyabwa kwa usiku, pakati pa zala ndi m'chiuno, kogwira nyumba yonse, ndi mphere. Mankhwala ake ndi benzyl benzoate, ndipo onse a m'nyumbamo apake nthawi imodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe. Kuchiza mmodzi n'kutaya nthawi.

Tsono pali zitatu zimene mukaziona musadutse n'komwe pa benchi. Banga lotuwa kapena lofiirira limene silimva mukalikhudza kapena kulibaya pang'ono likhoza kukhala khate. Matendawa alipobe m'dziko muno, amachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Mabanga akuda olimba otuluka m'miyendo kapena m'kamwa, kaya nsungu zoyabwa zosamva mankhwala, zimafuna kukayezetsa magazi. Ndipo khungu likada ndi kusuwa m'khosi, m'manja ndi kumapazi, malo okhawo owombedwa ndi dzuwa, munthu n'kumatsegulanso m'mimba, ameneyo ndi pellagra, matenda a kusowa kwa vitamini wotchedwa niacin mwa anthu odya nsima yopanda ndiwo zokwanira. Mu 1990 anagwira anthu pafupifupi 18,000 pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique kuno ku Malawi, mtedza utasiya kufika m'misasa. Mankhwala ake ndi mapilitsi ndi chakudya, mtedza, nyemba ndi usipa. Si loshoni.

Kwa inu a pa benchi

Inu ogulitsa, mpamba ndi wanu ndipo palibe akukuuzani kuti mutseke geni. Koma taganizani. Kasitomala amene mwamugulitsa glycerin, Vaseline, sopo wabwino ndi mafuta a dzuwa adzabwera mwezi uliwonse mpaka adzatuma ana ake. Amene mwamugulitsa clobetasol adzabweranso, inde, koma tsiku lina adzabwera ndi nkhope yopsa, mlamu wake ali pambuyo, msika wonse ukuonerera. Komanso machubu a steroid ndi mankhwala, ndipo kugulitsa mankhwala kumafuna chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Katundu akalandidwa, amene anakuodetsani uja sadzakubwezerani ngakhale tambala.

Popikula, tembenuzani botolo muli pomwepo. Onani mndandanda wa zosakaniza, dzina ndi keyala ya wopanga, ndi tsiku lothera ntchito. Kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 12M kakutanthauza kuti mafutawo akatsegulidwa agwiritsidwe ntchito m'miyezi 12. Musayanike katundu yense padzuwa la October ngati usipa. Kutentha kumaononga mafuta, makamaka a dzuwa ndi benzoyl peroxide. Ikani botolo limodzi loonetsa pamwamba, enawo akhale m'katoni pansi pa benchi.

Ndipo kasitomala akaloza patsaya, musathamangire kutola chubu. Mufunseni kaye kuti vutolo linayamba liti, kodi pamayabwa, wadzolapo kale chiyani, ndipo ngati ndi mayi, kodi ndi woyembekezera. Akatchula miyezi isanu ndi umodzi ya "mikisi", kapena banga losamva kukhudza, mulozereni njira ya kuchipatala, mumugulitse Vaseline wa paulendo.